Kodi makwerero ndi lamba n'zokwanira poika eyakoni pansanjika yachiwiri?

Funso

"Bambo, ndine mnyamata wa ku Mtendere. Ndakhala zaka ziwiri ndikuthandizira mmisiri wa mafiriji ndi maeyakoni, ndipo tsopano ndayamba kupeza maganyu anga. Ndapatsidwa ntchito yoika maeyakoni anayi pa maflati ena ku Kabwata, awiri pansanjika yoyamba, awiri pa yachiwiri. Eni nyumba akufuna makina akunja (mbali ya eyakoni yokhala panja) akhale pakhoma pansi pa mawindo, kuopa akuba. Ndili ndi makwerero a aluminiyamu otalikitsa aja, ndipo mnzanga akuti ndingogula lamba wodzimangirira pogwira ntchito pamwamba ku Kamwala basi. Kodi zimenezi n'zokwanira? Ntchitoyi sindikufuna kuitaya."

Yankho

M'bale wanga, sizokwanira. Ntchitoyo musaitaye, koma musaigwire momwe mwakonzeramu. Amisiri ambiri timazindikira mochedwa, ena titathyoka kale, kuti ngozi za pamwamba timazivomera tili pansi, pa nthawi ija mwini nyumba amaloza khoma n'kunena kuti "apa", ife n'kungogwedeza mutu poopa kuti ntchito ipita kwa wina. Za lamba tifikako, koma iye ndi womaliza pamzere.

Muyambe mwadziwa msinkhu umene mukukambawu. Nsanjika iliyonse imatenga pafupifupi mamita 3, ndiye kuti makina a pansanjika yoyamba adzakhala cha pa mamita 4, a pa yachiwiri cha pa mamita 7. Munthu akagwa pa mamita 3 okha amafika pansi sekondi isanakwane, pa liwiro la makilomita 28 pa ola. Pa mamita 7 liwirolo limapitirira makilomita 40 pa ola, ngati kugundidwa ndi minibasi mu Burma Road. Amene amati "ndikaterereka ndidzagwira windo" sanagwepo. Dzanja silifika n'komwe.

Choncho bwererani kwa eni nyumba musanagule chilichonse. Mantha awo ndi omveka, pakuti kopa ndi makina omwe zimabedwadi mu Lusaka muno. Koma wakuba amaletsedwa ndi khola la zitsulo lokhoma bwino, limene owotcherera a ku Kalingalinga kapena ku Garden angakupangireni osavuta. Makina angakhale pansi pakonkire m'kati mwa kholalo, kapena pakhonde la flatiyo ngati mphepo ikudutsa bwino, kapena padenga la konkire ngati lilipo ndipo lili ndi kakhoma m'mphepete. Tsegulani buku limene limabwera m'katoni. Limanena kutalika kwa mapaipi kumene makinawo amalola, ndiponso kusiyana kwa msinkhu pakati pa makina a m'nyumba ndi akunja, ndipo malire achiwiriwa ndi amene muyenera kuwaonetsetsa kwambiri pa maflati a pansanjika yachiwiri aja. Makina ambiri amalola mapaipi a mamita 15 kapena kuposa, ngakhale gasi wobwera nawo amakwanira mamita 5 kapena kupitirira pang'ono, ndipo mukadutsa pamenepo mumawonjezera gasi monga bukulo lanenera. Kopa wowonjezera ndi wodula, inde, ndipo mudzakwerabe kuti mumangirire mapaipi kukhoma, koma mudzakwera ndi paipi m'manja m'malo mwa makina. Muwakumbutsenso kuti eyakoni saikidwa kamodzi n'kuiwalika. Fumbi la Ogasiti mpaka mvula itagwa limatseka zipsepse za makina akunja, ndipo chaka ndi chaka wina ayenera kukawatsuka. Gasi akatuluka, kapasita (kachipangizo kosunga magetsi) ikapsa, wina akwerenso. Pamene musankhe lero ndi pamene inuyo, kapena mnyamata wina wosadziwa kanthu, azidzakwera kwa zaka 10 zikubwerazi.

Tiyerekeze tsono kuti akanitsitsa, kapena nyumbayo ilibedi malo ena.

Makwerero ndi okwerera ndi kutsikira, ndiponso ogwirirapo kantchito kopepuka ka mphindi zochepa. Malangizo a ku Britain amati ntchito ya pamakwerero isapitirire mphindi 30, ndipo katundu amene wanyamula asapose makilogalamu 10. Makina akunja a 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsira) amalemera pakati pa makilogalamu 25 ndi 35, a 18,000 amafika cha m'ma 40, ndipo a 24,000 amatha kufika 50 kapena kupitirira, kulemera kwa thumba la simenti. Pokwera, manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi, ziyenera kukhala zitagwira makwerero nthawi zonse. Nanga thumba la simentilo lidzagwiridwa ndi dzanja liti? Ndaonapo anyamata akukwera atasenza makina paphewa, mnzawo akuwakankha m'munsi. Masiku ambiri amafika ndithu, n'chifukwa chake chizolowezichi sichikutha. Povuta ndi pomaliza, pamene uyenera kuwatula paphewa n'kuwakhazika pabulaketi. Thupi limapendekera kumbali, kulemera konse kumachoka pakati, mapazi a makwerero n'kusuntha. Kubowola khoma nakonso n'chimodzimodzi: ukakankha dirilo, khoma limakukankha nawe, ndipo dirilo ikakodwa muchitsulo cha m'konkire imapotokola dzanja mwadzidzidzi.

Pa tintchito timene makwerero amaloledwa, aimikeni motere: pa mamita 4 aliwonse okwera, mapazi ake atalikire khoma ndi mita imodzi. Ngati nsonga yatsamira pa mamita 7, pansi pakhale pafupifupi mita 1.75. Amangeni ndi chingwe kumtunda, chifukwa mnzanu wopondera pansi sangaletse makwerero ataliatali kugwera kumbali. Asaime pa mabuloko, pamgolo kapena padothi lonyowa. Mchombo wanu usatuluke kunja kwa zitsulo ziwiri za m'mbali. Ngati simukufikira, tsikani muwasunthe. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pamakwerero "chakoma" chija chimakhala bawuti yomaliza imene yatsala pang'ono kufikirika. Yang'ananinso kumwamba musanawadzutse. Aluminiyamu amadutsa magetsi, ndipo nthambo ya ZESCO yolowa m'nyumba nthawi zambiri imadutsa pakhoma lomwelo.

Chimene ntchito yanuyi ikufuna ndi sikafodi. Imabwerekedwa pa tsiku, ndipo masiku awiri angakukwanireni mukakonzeka bwino. Miyendo yake iime pa timbale take tachitsulo, pansi pake pali matabwa okhuthala, zonse zitayezedwa ndi levulo. Poimapo payalidwe matabwa mokwanira osasiya mpata, pakhale chitsulo chotchinga cha m'chiuno pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi, china pakati, ndi thabwa m'mphepete loletsa zida kugubuduka. Sikafodi yopapatiza ikatalika kuposa katatu m'lifupi mwake imafuna kumangiriridwa kukhoma kapena kuikidwa miyendo yochirikiza, ndipo yanuyi idzafika pamenepo. Musaisunthe munthu ali pamwamba. Munthu akaima pasikafodi yabwino amagwira ntchito ndi manja onse awiri, ndipo ngakhale fuleya (kukamwa kwa paipi kotambasulidwa polumikizira) imene amanga imatuluka yabwino kuposa ya munthu amene mwendo ukunjenjemera.

Makinawo akwezeni ndi chingwe chodutsa pa kawilo kokokera komangidwa pamwamba pa sikafodi. Chingwe chizungulire pansi pa makina mbali zonse ziwiri. Musamange pa mavavu kapena pa chogwirira chapulasitiki. Akwere ali choimirira chifukwa cha mafuta a mukompuresa. Chingwe chachiwiri chikhale ndi munthu wa pansi, ataima patali, kuti makina asamagunde khoma. Ndipo chingwe chokokeracho chisamasulidwe mpaka mabawuti onse anayi a m'miyendo ya makina atamangidwa. Pansi pa malo ogwirira ntchito tchingani ndi tepi, muikepo munthu wolondera, pakuti pa maflati pamakhala ana, ndipo mwana akaona sikafodi amaona masewera. Sipanala yogwa kuchokera pa mamita 7 imaswa mutu. Zida zimangeni ndi kachingwe kuthumba lanu, ndipo aliyense avale chisoti cholimba chokhala ndi lamba wa pachibwano, chifukwa chopanda lambayo chimayamba ndicho kuthawa munthu akamagwa.

Pa khoma ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ine ndinaphunzirira ndi manyazi. Ndili mnyamata ngati inu ndinaika makina a 24,000 pa ofesi ina m'tauni. Ndinabowola, ndinalowetsa mabawuti otukumuka aja, ndinakoka bulaketi ndi dzanja, n'kuona kuti yagwira. Patapita miyezi ingapo anandiitana: makina anali lende, atangogwiridwa ndi mapaipi a kopa ndi bawuti imodzi, pansi pake pali pamene anthu ankaimika galimoto. Palibe anavulala, koma tulo sindinatione sabata yonse. Nyumba zambiri mu Lusaka n'zomangidwa ndi mabuloko a simenti obowoka m'kati, a mainchesi 6 kapena 8, ndipo pulasitala amabisa zonsezi. Bawuti yotukumuka imafuna konkire yolimba yoti ikanikize. Mubuloko imangogwira kachikhungwa kopyapyala, ndipo kunjenjemera kwa kompuresa kumakapera pang'onopang'ono mpaka bowo litakula. Mukamabowola n'kumva dirilo yalowa mwadzidzidzi ngati yagwera m'dzenje, dziwani kuti muli m'mphako. Njira zodalirika ndi zitatu, ndipo ine ndimakonda yoyamba: bawuti yaitali yopyoza khoma lonse, yokhala ndi mbale yachitsulo m'kati mwa nyumba, ngakhale eni nyumba amayamba aipidwa nayo. Ina ndi kupeza konkire yeniyeni ya bimu kapena ya silabu n'kumangapo. Yachitatu ndi mabawuti omata ndi mankhwala, okhala ndi kasefa kake kopangidwira makoma obowoka. Mabuloko ena oumbidwa m'makomboni amakhala ndi simenti yochepa moti amanyenyeka ndi chala, ndipo pa otere ndi yopyoza yokha imene ndingavomere. Bulaketi nayo ikhale ya chitsulo chokhuthala, yopakidwa penti yoletsa dzimbiri, ndi timphira pansi pa miyendo ya makina. Tsiku limene mudzapite kukakonza makina oikidwa ndi munthu wina, musadzapondepo kapena kukhalira bulaketi. Simukudziwa chimene chili kuseri kwa pulasitala.

Tsopano lamba uja. Ngati mnzanuyo akunena wa m'chiuno mokha, musiyeni m'sitolo. Munthu akagwa atavala wotere amapindika pakati, mphamvu yonse imathera pamimba ndi pamsana, ndipo ena amapulumukamo n'kugwa ndithu. Ku America anamuletsa ngati chogwira munthu wogwa kuyambira 1998. Chofunika ndi hanesi ya thupi lonse, yodutsa m'mapewa ndi m'ntchafu, yokhala ndi mphete kumsana. Ya salaula ipendeni kawiri: chizindikiro cha tsiku limene inapangidwa chiwerengeke, ulusi usakhale wothothoka, nsalu isakhale yopserera ndi dzuwa kapena youma ndi penti. Hanesi imene inagwirapo munthu wogwa imatayidwa, ndipo wogulitsa sangakuuzeni mbiri yake.

Koma ngakhale hanesi yatsopano ndi chovala chabe ngati mulibe pomangirira. Malo omangirira amayenera kupirira mphamvu yolingana ndi makilogalamu 1,200. Ine anyamata anga ndimawafunsa kuti, "Pamenepo mungapachikepo galimoto ya Vitz?" Zitsulo zotchinga akuba za pawindo ayi, zambiri zimangogwiridwa ndi kadontho ka kuwotcherera pafelemu. Paipi ya madzi ayi, gatala ayi, chitsulo cha dishi ayi, bulaketi ya eyakoni ndiye ayi kwenikweni. Nsanamira ya konkire yokulungidwa ndi lamba wake, bimu yachitsulo ya nyumba, kapena mphete yoikidwa ndi odziwa, pamenepo inde, ndipo pakhale pamwamba pa mutu wanu ngati n'kotheka.

Palinso masamu amene ogulitsa sanena. Chingwe cha hanesi chimatalika mpaka mamita 2. Kachikwama kochepetsa mphamvu kamene kali pachingwecho kamang'ambika n'kutalika mpaka mita 1.75. Kuchokera pamphete ya kumsana kufika kumapazi anu pali pafupifupi mita 1.5, ndipo pansi pamafunika kutsala mita imodzi. Zonse pamodzi zikupitirira mamita 6 kuchokera pomangirira. Ndiye kuti pansanjika yoyamba mungathe kuvala zonsezi, kuoneka bwino pachithunzi, n'kumenya pansi chingwe chisanakugwireni. Pa msinkhu wotere gwiritsani chingwe chachifupi chimene sichikulolani n'komwe kufika pamphepete, kapena chija chodzikulunga chokha chimene chimaluma nthawi yomweyo ngati lamba wa m'galimoto.

Ndipo chingwe chikakugwirani, akutsitsani ndani? Munthu wolendewera muhanesi osasuntha miyendo, magazi amadikha m'miyendomo, ndipo amatha kukomoka m'mphindi zochepa. Ndi mizere ya galimoto ya mu Lusaka, thandizo lochokera kutali silingafike m'mphindi zimenezo. Musanakwere gwirizanani kuti makwerero ofikira munthu wolendewera ali pati ndipo akwere ndani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pantchito yanuyi mukhale atatu. Wina akagwera pansi, musamunyamule manja ndi miyendo n'kumuponya mutakisi. Mugwireni mutu ndi khosi zisagwedezeke, muitane ambulansi, pakuti msana wosweka pang'ono umamalizika ndi onyamula.

Anthu ambiri amene amagwa pantchito yathu amakhala kuti china chawadzidzimutsa, ndipo choyamba ndi magetsi. Chiyambire kuzima kwa magetsi kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, ambiri tinatengera chizolowezi choipa chogwira nthambo chifukwa choti "magetsi kulibe". Magetsi ozima amabwera osagogoda. Maeyakoni ambiri amadziyatsa okha magetsi akabwerera, fani n'kuyamba kuzungulira dzanja lili momwemo. Nyumba zambirinso tsopano zili ndi sola, mabatire kapena jenereta, moti nthambo ikhoza kukhala yamoyo komboni yonse ili mumdima. Kuzimitsa ndi rimoti sikudula magetsi. Tsitsani buleka, khomani ndi loko, kiyi akhale m'thumba mwanu, chifukwa pa maflati wina amangofika n'kukweza mabuleka onse pofuna kuphika. Mukatero yezani ndi mita, mutayamba mwaiyesa pamalo amene mukudziwa kuti pali magetsi. Pa maeyakoni a mtundu wa inveta, makapasita a pabodi yakunja amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale buleka itatsika. Mabuku a opanga ambiri amati mudikire mphindi 10, kenako muyeze muone kuti mavoti atsika pansi pa 50 musanakhudze. Kugwidwa pang'ono kumene pansi mukanangotukwana n'kupitiriza ntchito, pa mamita 7 kumakuchotsani manja pamene munagwira.

Gasi amachitanso chimodzimodzi. Magasi a mueyakoni a R410A ndi R32 amawira pa madigiri opitirira 50 pansi pa ziro, choncho akakuthirani pachala amawotcha ngati moto, ndipo thupi limadumpha lokha. Valani magolovesi ndi magalasi pomanga ndi pomasula mapaipi a geji. Werengani chizindikiro cha pambali pa makina musanayatse moto uliwonse: R32 amayaka, ngakhale movutikira, ndipo R290 ndi propane weniweni, m'bale wake wa gasi wophikira. Chilichonse chimene chingatheke pansi, monga kudula, kupinda ndi kuwotcherera mapaipi, chitirani pansi. Poyesa ngati mapaipi akutulutsa mpweya gwiritsani naitirojeni wodutsa pa regyuleta. Okosijeni wa botolo la owotcherera musamuyerekeze n'komwe, akakumana ndi mafuta a kompuresa zimaphulika. Ndipo tsiku limene muzidzachotsa makina akale, pobwezera gasi m'makina akunja, zimitsani kompuresa musanamasule mapaipi. Ikamayenda vavu ili yotsegula paipi itamasulidwa, imakoka mpweya wakunja n'kuupanikiza pamodzi ndi mafuta, ndipo imatha kuphulika nkhope yanu ili pomwepo. Makina akale a R22 musawatulutsire gasi mumlengalenga. Ndi mmodzi mwa magasi owononga ozoni amene a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amayang'anira.

Chachitatu ndi mavu. Musaseke. Amakonda kumanga kuseri kwa makina akunja ndi pansi pa chivundikiro cha mavavu, ndipo palibe mwamuna amene amagwiritsa makwerero mavu atamulowa m'malaya. Pokakonza makina akale, yambani mwasuzumira pawindo kapena kugogoda ndi ndodo yaitali muli pamalo otetezeka.

Ntchito zathu zimachuluka mu Okutobala, pamene aliyense akufuna eyakoni lero lomwe. Yambani 6 koloko m'mawa, imwani madzi musanamve ludzu, ndipo dzuwa likafika paliwombo tsikani mukagwire za m'nyumba. Mphepo ikamakankha katoni, kapena mitambo ya mvula ikayamba kugunda, palibe kukweza makina. Wobwera ndi matsire akhale wa pansi tsiku limenelo. Ngati njira yanu ikudutsa padenga la asibesitosi la nyumba zakale zija, musapondepo popanda matabwa oyala, chifukwa limasweka osachenjeza.

Popeza tsopano mukutenga anzanu okuthandizani, mwasanduka wolemba ntchito. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linaika pa wolemba ntchito udindo woteteza anthu ake, ndipo olemba ntchito amayenera kulembetsa ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe limene limapereka chipukutamisozi kwa wantchito wovulala. Pitani mukafunse momwe mungalembetsere kabizinesi kanu kakadali kakang'ono. Mnyamata wanu akathyoka msana inu musanalembetse, makolo ake adzabwera pakhomo panu.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima: mukawonjezera mtengo wa sikafodi, wina abwera ndi makwerero n'kutchipitsa. Zimachitika, ndipo ine ntchito zingapo zinandipita motero. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lembani kotesheni ya mitengo iwiri, wina wa makina oikidwa pansi kapena pakhonde ndi kopa wowonjezera ndi khola, wina wa makina a pakhoma ndi sikafodi yolembedwa pamzere wakewake, pamodzi ndi mtengo wodzawatsuka chaka chamawa pa njira iliyonse. Eni nyumba ambiri akaona manambala ali pambalimbali amasankha okha ya pansi. Mukapita kukaonanso nyumbayo tengani tepi muyeze msinkhu weniweni, gogodani khoma mumve ngati lili ndi mphako, onani pamene nthambo ya magetsi yadutsa, ndipo mundilemberenso kukula kwa makinawo ndi zimene mwapeza, tidzaone limodzi za mabawuti.